Kachitsulo Koyenera Kudyeka

Akulu anga anagwira ntchito padoko ku Durban zaka zambiri, kutsuka ndi kukonza maboti a eni ake. Mphamvu zitayamba kuchepa, anagula boti lakale kwa bwana wawo n'kulitumiza pa lole mpaka kuno ku Nkhata Bay. Ankati akadzabwerera kumudzi azidzadyera pomwepo, kunyamula alendo ogona kugombe la Chikale. Podikira kuti abwere, wolisamala ndinali ine, kalaliki wa paboma, wodziwa zidindo osati mainjini.

Injini yake inali m'kati mwa boti, koma mwendo wonyamula pulopela unkakhala m'madzi nthawi zonse. Tsiku lina titalikokera pamchenga, ndinaona tizitsulo titatu totuwa tomangidwa pamwendopo, todyekadyeka ngati chinangwa chofumbwa. Ndinapsa mtima. Ine chinthu chonyansa sindichipirira, ngakhale fayilo yopindika ngodya imandisowetsa mtendere. Ndinati bwana uja wawapusitsa akulu anga, wawagulitsa zowola.

Foni sindinawaimbire. Ndinkafuna adzaone okha kuti mng'ono wawo si wogona. Ndinamasula tizitsuloto n'kupita nato kwa wowotcherera wa kuseri kwa msika kuti andidulire tofanana nato, koma ta chitsulo chosachita dzimbiri. Iye anafunsa ngati eni boti akudziwa. Ndinamuyankha mwamwano kuti iye adule zitsulo, mafunso atisiyire ife a muofesi. Takale tija ndinataya m'nyanja ndi dzanja langali.

Zaka ziwiri tizitsulo tanga tinkangonyezimira, ine n'kumaonetsa anthu.

Akulu anafika ali ndi chifuwa, ataonda mpaka kuboola mabowo atsopano palamba. M'mawa mwake anakakamira zokaona boti. Tinayenda wapansi mpaka ku Chikale, iwo akupumira panjira kawiri. Apo m'pamene ndinawauza, ngati nkhani yaing'ono, kuti masiku amenewo oyilo wa m'mwendo ankatuluka woyera ngati mkaka. Sindinkadziwa kuti izi zimasonyeza kuti madzi akulowamo.

Boti litakokedwa, anagwada n'kukanda penti ya pamwendo uja ndi chikhadabo. Inasupuka, pansi pake pali ufa woyera. Anadinikiza ndi sikuludiraiva, inangolowa.

"Zinki uja ali kuti?"

Ankanena tizitsulo ndinataya tija. Ndinafotokoza, mawu akunka nazilala. Bola akanandikalipira. M'malo mwake anandilongosolera pang'onopang'ono kuti madzi amadya chitsulo, ndipo amayambira chofewa. Tizitsulo tija amatimanga dala kuti tidyeke m'malo mwa mwendo, tikafika theka n'kuchotsa, kuika tina. Chitsulo changa cholimbacho madzi anachilambalala, n'kuyamba kudya mwendo weniweniwo, mofulumira kuposa pakanakhala popanda kanthu.

Kenaka anapisa m'chikwama n'kutulutsa sokosi yomanga mfundo. Munali tizitsulo titatu tatsopano. Anati zinki ndi wa madzi amchere, m'nyanja yathu ino amangochita nkhungu n'kugona, choncho anasankha tofewa kwambiri toyenera madzi a kuno. Anatinyamula ulendo wonsewo kuti timange limodzi m'mawa umenewo.

"Kachitsulo aka ntchito yake n'kudyeka, mng'ono wanga. Ukanangondifunsa."

Makaniko wa ku Mzuzu anauzunguza mwendowo n'kunena kuti ngwosawotchereka, ndipo wina wotere sanauonepo kuno. Boti tinalikokera pansi pa mtengo wa mango. Nkhuku za eni malowo zinayamba kuikiramo mazira.

Akulu anakhala miyezi itatu pakhonde, akutsokomola. Za botilo sananditchulirenso, ndipo kusatchulako kunkandipweteka kuposa ndodo. Ndinawachonderera kuti akhale, tizidya kamalipiro kanga komweko. Anakana. Anati sanapite kutali zaka zonsezo kuti adzakhale mwana m'nyumba ya mng'ono wawo, abwerera ku Durban akagwirire ntchito ndalama zogulira mwendo wina.

Pokwera minibasi ya ku Mzuzu anandifumbatitsa sokosi ija.

"Sunga bwino. Tidzamanga ndikabwera."

Anamwalira ku Durban n'kuikidwa komweko, ine osaponyako ndi dothi lomwe. Sokosiyo ili m'kabati mwanga, pansi pa malaya a kutchalitchi. Nthawi zina ndimamasula mfundo n'kuona. Tizitsulo tonse titatu tikadali tathunthu.