Wantchito Kapena Mkamwana

Ntchito yanga inali yolankhula. Ndinachoka kwathu ku Dedza kudzalowa kabungwe kena ku Mzimba, komenyera ufulu wa anthu obwera kudzagwira ntchito kuchokera m'maboma ena: matenanti a m'minda ya fodya, ocheka matabwa ku Chikangawa, ndi amayi osamalira nkhalamba m'makomo. Amayi oterewa ndi ambiri kuno. Ana akapita ku Joni amamanga nyumba ya malata, kuika sola padenga, kenako n'kufuna munthu woti azitembenuza mayi awo pamphasa. Ife tinkayenda m'misonkhano ya makhansala kukakamira kuti wantchito wotere azilandira malipiro ake, azipuma, ndipo azipita kwawo akafuna. Pakamwa ndinali napo, sindibisa. Anzanga ankati ndikayamba kulankhula ngakhale wailesi ya mu ofesi imadzitsitsa yokha.

Mayi wina wa ku Phalombe anandipeza ku Embangweni titangomaliza msonkhano pafupi ndi msika. Anadikira kuti anthu onse achoke. Kumbuyo anabereka kamtsikana kakakulu ndithu, koti kakanatha kuyenda kokha.

“Ndamva zomwe mumanena zija,” anatero, “zoti munthu akafuna kupita kwawo azipita. Ine ndikufuna ndikaone mayi anga. Akuti ndipite ndekha, mwana atsale.”

“Akutero ndani? Abwana anu?”

“Eya. Akuchimuna.”

“Ndi abwana kapena ndi akuchimuna?”

“Eya,” anayankhanso, maso ali pansi.

Nkhani yake ndinaitola pang'onopang'ono ngati mtedza wotsalira m'munda. Anabwera kudzasamalira mayi wina wokalamba amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ana onse a mayiyo anali ku Joni. Chaka china pa Khirisimasi mwana wamwamuna anabwera ndi galimoto, ndipo pamene ankabwerera, wantchito anali ndi pakati. Abale sanakane. Anaitana malume ake kuchokera ku Phalombe, anamuphera mbuzi, n'kupita naye kukhola kukamulozera ng'ombe. Malumeyo kwawo sadziwa za malowolo. Anangoona kuti anthu a kumpoto ndi opatsa. Ng'ombe anagulitsa kwa opha nyama ku Jenda n'kubwerera kwawo ndi njinga yatsopano. Kuyambira pamenepo malipiro anatha, chifukwa mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, salipidwa posambitsa apongozi ake. Ntchito yokha ndiyo sinasinthe.

Magazi anga anawira. Kwathu mwana ndi wa mayi, ndipo bambo akavuta amanyamula kabulangete kake n'kumapita. Zoti ng'ombe ingatsekereze mayi kutenga mwana womubala yekha, mutu wanga unakana kuzilandira.

Mu ofesi tinakangana. Ena ankati iyi ndi nkhani ya banja, si yathu. Mnzanga wina, Mtumbuka wa ku Manyamula, anandikokera pambali.

“Mama, apa muyende bwino chomene,” anatero. “Ng'ombe zikalowa, mwana ndi wa kuchimuna. Mukafuna apite naye, mbwenu musonyeze kuti ukwati panalibe. Koma mufunse kaye mwiniwake ngati akufuna zimenezo.”

Ndinafunsa, ndipo pamenepa ndi pomwe mutu wanga umazungulirabe. Ndinakwera njinga yamoto mpaka kumudzi komwe mayi uja ankakhala. Ndinamupeza pakhonde akumwetsa nkhalamba ija phala. Nkhalambayo inali yovuta ngati mwana wa mano oyamba. Inalavula phala, inamutsina pamkono ndi dzanja lomwe linkagwira ntchito, n'kumukalipira m'Chitumbuka. Iye anabweza m'Chitumbuka chomwecho, mokweza, mpaka onse awiri anaseka. Nditayesa kugwira sipuni kuti ndimuthandize, nkhalambayo inatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma.

“Samadya za munthu wina,” anatero mayi uja, ndipo m'mawu mwake munali kunyada.

Titapita kuseri kwa khitchini ndinamufunsa mosazungulira. “Mukufuna chiyani kwenikweni?”

“Ndipite ndi mwana wanga.”

“Mudzabwereranso?”

“Nanga agogowa awasambitse ndani?”

“Koma sakukulipirani.”

“Eya, sakundilipira. N'zolakwika zimenezo.”

“Ndiye ndinu wantchito.”

“Poyamba.”

“Nanga pano?”

Anayang'ana kamtsikana kake kakuthamangitsa nkhuku. “Inu ndi amene munaphunzira,” anatero. “Ine ndikufuna mayi anga amuone mwanayu asanafe.”

Ndinabwerera ku boma ndisakudziwa chomwe ndamva. Ndinadziuza kuti ndi mantha amene akumulankhulitsa pawiri. Ndinali nditaona matenanti ambiri akutamanda bwana yemwe akuwadyera masuku pamutu. Komabe kuseka kwa pakhonde kuja kunkandisokoneza, chifukwa sikunali kuseka kwa munthu wamantha.

Tsiku lokambirana tinakhala pakhonde lomwelo. Woyankhulira banja anali bambo wamng'ono wa mwamuna uja, munthu wofatsa wovala jekete ngakhale kunkatentha. Mwamuna mwiniwake anali pa foni, ndipo foniyo anaiika pampando wakewake ngati mlendo. Bambo wamng'onoyo anafotokoza mwaulemu kuti sakuletsa mkamwana kukaona kwawo, koma mwana wa pamudzi sapita kutali chotero bambo wake kulibe. Anthu ena amapita osabwerera.

Kenako ndinalankhula ine. Ndinafunsa kuti ukwatiwo anadalitsa ndani, ankhoswe ake anali ati, mayi ake omubala anauzidwa liti. Ndinati munthu sangalowole kwa malume amene sakudziwa kuti akulandira chiyani. Ndinati mwamutcha mkamwana kuti musiye kumulipira. Mawu ankangobwera okha, ndipo ndinamaliza ndi omwe ndinakonzekera panjira.

“Mayi uyu si mkazi wa munthu pakhomo pano. Ndi wantchito, ndipo wantchito amapita kwawo ndi mwana wake.”

Woyamba kuyankha anali wa pa foni uja.

“Mbwenu ngati zili choncho, apite. Zotsala za malipiro ake nditumiza. Yewo.”

Anavomera msanga kwambiri. Ndinabwera nditanola mkondo, koma chitseko ndinachipeza chotsegula. Pambuyo pake ndinamva mphekesera zoti ku Joni kuli mkazi wina, koma sindikudziwa ngati n'zoona.

Bambo wamng'ono uja anavula chipewa n'kuchiika pabondo. “Mwanena nokha, mama. Ife timati ni mkamwana withu. Inu mwati ndi wantchito. Tamva. Ng'ombe tiiwale, mwana atenge. Koma wantchito akatsanzika, ntchito yatha. Ndapota, tisadzanamizane mawa.”

Ndinatembenukira kwa mayi uja. Ankakanda pansi ndi kamtengo. “Mwagwirizana nazo?”

“Eya,” anatero. Anali eya yemwe uja wa ku msika.

Ku ofesi anandiombera m'manja. Nkhaniyi ndinakaifotokoza ngakhale pamaso pa makhansala monga chitsanzo cha zomwe zimachitika wantchito akakhala wopanda womulankhulira, ndipo ena anapukusa mitu ndi chisoni. Sindinaname ngakhale liwu limodzi. Malipiro analandiradi, mwana anatengadi. Koma ku depoti ya Mzimba, basi isananyamuke, anatulutsa mutu pawindo.

“Zikomo, mayi. Koma kwathu ndikati chiyani? Anthu akudziwa kuti ndili pabanja.”

Ndinamuyankha za ufulu wake. Sindikumbukira bwino zomwe ndinanena, koma zinali zambiri, ndipo basi inanyamuka ndikadalankhula.

Nkhalamba ija inamwalira nyengo yozizira chaka chomwecho. Ena amati inkakana chakudya, ena amati nthawi inangokwana. Sindinafufuze, ndinkaopa yankho. Mayi wa ku Phalombe anandiimbira kuti akubwera, ndimuperekeze. Ndinamuuza kuti asiye mwana kwa mayi ake. Anati mwana sangalephere kulira agogo ake, ndiye ndinangoti chabwino.

Tinafika maliro ali m'nyumba. Amuna anali atakhala pamabenchi a tchalitchi, amayi a chigwirizano akuimba panja. Akamwana a pamudzipo anavala zitenje zofanana, akulowa ndi kutuluka ndi mabeseni a madzi. Mayi uja anayenda molimba mtima mpaka m'mphepete mwa bwalo lomwe ankasesa m'mawa uliwonse. Pamenepo miyendo yake inaima.

“Inu mumadziwa malamulo,” ananong'ona. “Ndikhale pati? Akamwana ali m'nyumba. Wantchito amalirira kuti?”

M'misonkhano yonse ija palibe anafunsapo funso limeneli. Ndinayang'ana bambo wamng'ono uja pabenchi kuti mwina atikodola. Anatigwedezera mutu mwaulemu, monga amachitira ndi alendo ochokera kutali, n'kuyang'ananso kutsogolo.

Kamtsikana kaja sikanafunse munthu. Kanazindikira nyumba, kanapulumuka m'manja mwa mayi ake n'kuthamanga kudutsa bwalo lonse. Pakhomo mayi wina wa chitenje chofanana chija anakanyamula n'kukweza maliro. “Mwana withu wafika! Mama, mwana winu wafika!” Analowa nako m'kati, ndipo nsalu ya pakhomo inagwa.

Ife tinakakhala pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi ogulitsa tomato a ku msika amene anabwera kudzapepesa. Mayi uja sanalire mokweza. Ankangoyang'ana mabeseni akulowa.

“Sakudziwa kuti phewa lamanzere saligwira,” anatero. “Limawapweteka.”

Ndinafuna kumukumbutsa kuti munthu wakufa samva kupweteka, koma kamodzi kokha m'moyo wanga ndinatseka pakamwa. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinamuombola kapena ndinamuchotsa pakhomo pake. Ndikabwereza mawu anga a pakhonde paja sindipezamo bodza, ndipo akanati ndinenenso mwina ndikananena omwewo. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma uyu anabwera kwa ine kuti ndimutsekulire, ndipo ndinatsekula chomwe ndinkachidziwa.

Nyimbo zinasintha, amuna anaimirira kukatenga bokosi. Mayi uja anandigwira dzanja mwamphamvu, maso ali pa nsalu ya pakhomo.

“Mwanayo atuluka naye, eti?” anafunsa. “Munanena kuti ndi wanga.”

“Eya,” ndinatero.