Dzanja Lothyola Tiyi pa Bolodi la Chesi

Mu 2003, Tisungeni anatuluka mu holo ya pa boma la Thyolo nkhope ili pansi. Masewero ake oyamba pa mpikisano wa chesi anatha mpando usanafunde n'komwe.

Anali mayi wamasiye wa ku Nchilamwela, wothyola tiyi pa esiteti. Chesi anaphunzira kwa a Stafford, mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo kukomboni amuna onse ankamuopa pa bolodi. Koma dzanja lothyola tiyi silidikira mutu: likaona nsonga yanthete, lathyola kale.

Masewero atangoyamba, Ronnie, kalaliki wa kufakitale amene ankapikisana naye, anasiya msilikali wake poyera ngati nyambo. Dzanja lija linangoti tswa!

"Mwamukhudza, mayi, mudyeni basi," anatero Ronnie. "Si kumunda kuno."

Ndilo lamulo la mpikisano: ukakhudza chida cha mnzako, uyenera kuchidya. Yomwe ikanatha kudya msilikaliyo inali mfumukazi yake yokha, ndipo itadya nayonso inadyedwa pompo. Akuluakulu a timu ya esiteti anamuuza kuti akadzaluzanso chaka chamawa, malo ake adzapatsa wina.

"Mutu wanu ulibe vuto," anatero a Stafford. "Manjawo ndiwo muziwakhalira."

Chaka chonse, akaweruka kumunda, ankabwereza kayambidwe kamodzi komweko atakhalira manja. Anzake ankamuseka kuti wagwidwa nyamakazi. Zinkamuwawa, koma sanasiye.

Mpikisano utabweranso, maere anamugwetseranso kwa Ronnie. Mkuluyo, poganiza kuti mayiyu sanasinthe, anayamba chimodzimodzi, nyambo yomweyo.

Dzanja linapulumuka pansi pa chitenje, n'kuima pamwamba penipeni pa msilikali uja. A Stafford anatsinzina.

Tisungeni analikweza n'kukonza duku lake. Kenako anatulutsa kavalo, nabisa mfumu pakona. Ronnie analibe nzeru ina. Zida zake zinali balalabalala, ndipo mapeto ake anapereka yekha dzanja kuvomereza kuti wagonja.

Mayiyo sanalulute. Anangopumira m'mwamba, mtima uli m'malo koyamba chaka chonsecho.

"Mayi, wopita ku mpikisano waukulu ku Blantyre tinyamuka Lachisanu," anatero wapampando wa timu. "Mu lole ya timu mukakwere kutsogolo."

Inu amene mukuwerenga, mwina chimene chimakudyetsani kwina ndicho chakugwetsani kuno. Sikuti ndinu mbuli ayi. Bwererani pa bolodi, mudekhe, muyambirenso. Osataya mtima.