Tsiku limene ndinanyamula apongozi pachifuwa

Gulu lathu la ojambula ku Mzimba linayamba ngati macheza chabe. Tinkakumana Loweruka masana kuseri kwa situdiyo ina pafupi ndi msika, pamene mwini wake ankayanika nsalu yabuluu yojambulira zithunzi za pachiphaso. Iyeyo ndiye anali wapampando, osati chifukwa tinamusankha, koma chifukwa mabenchi anali ake. Munalinso mkulu wina wolemba zikwangwani za magolosale, wapolisi wa ku Zomba amene ankajambula nkhuku ndi pensulo, ndi ine, mphunzitsi wa ku Dedza amene boma linandiponya kumpoto ndipo ndinakwatiwa konko. Kamera ananditumizira ndi amuna anga kuchokera ku Joni, kuti ndiziwajambulira ana. Ine ndinayamba kujambula chilichonse choyenda.

Chaka china wapampando anabwera ndi nkhani yakuti tikaonetse ntchito zathu ku Embangweni, mu holo ya tchalitchi, aliyense chithunzi chimodzi chachikulu. Anati anthu akumudzi tawajambula mokwanira, tsopano akadzione okha pakhoma. Kwa ine sinali nkhani yaing'ono, chifukwa mudzi umene ndinakwatiwako uli kufupi ndi komweko, ndipo chithunzi chimene ndinkachinyadira kwambiri chinali cha apongozi anga aamuna.

Kujambula apongozi kumeneko si nkhani yamasewera. Mtengwa sawayang'ana kumaso. Amagwada patali, nkhope kumbali, mawu n'kudzera mwa munthu wina. Zaka zonse zimene ndinakhala pabanjapo, ndinkazidziwa bwino nsapato zawo kuposa nkhope yawo. Komanso ndinali Mchewa wa Chitumbuka chothyokathyoka, ndipo ndinkaona kuti amangondipirira, osati kundiwerengera ngati wawo. Zimenezi zinkandiwawa, ngakhale sindinkauza munthu. Chilolezo chowajambula chinadzera mwa apongozi aakazi, ndipo yankho linali lakuti iyang'ane kamerayo, ine ayi. Ndinawatola m'mawa ataima pakati pa ng'ombe zawo zapangolo, dzanja lili panyanga, chipewa chitapendekeka. Chinatuluka bwino, ndisadzichepetse pachabe.

Wapampando anachikulitsa n'kuchiika mu felemu yakuda, poti ndi mtundu wokhawo umene unatsala. Zithunzi za anzanga zinatsogola pagalimoto, changa chinatsalira chifukwa galasi linachedwa kudulidwa. Nditakachitenga Lachisanu ndinapempha katoni yokutira, wapampando anati luso salibisa. Mpaka lero ndimanena kuti theka la mlanduwu ndi lake.

Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ndi fumbi zili pakalikiliki. Ndinafunda chitenje chodera kumutu, ndinakwera matola, chithunzi nditachikumbatira pachifuwa kuti galasi lisasweke. Nkhope ya apongozi inayang'ana kunja, chifukwa kunena zoona ndinkafuna anthu aione. Tisanapite patali fumbi linandilowa m'maso, misozi n'kumatsika, mphuno n'kumafwenthera.

Bambo wina amene ankakangana za mpira anangoti zii, n'kuvula chipewa. Mayi wina anandisunthira kuti ndikhale pathumba lake la chimanga. Ndinati mumtima, taonani mphamvu ya luso. Titafika pasiteji, wakabaza anandinyamula n'kumapalasa pang'onopang'ono popanda kumuuza, ndipo anthu a m'magolosale ankaimirira tikamadutsa. Mayi wogulitsa tomato anandithamangira n'kugwira dzanja langa.

"Pepani chomene, amama."

"Yewo," ndinathokoza motero, ndikufwenthera.

Maliro ndapita ambirimbiri. Ndaona kangapo munthu woyenda patsogolo pa bokosi, atafunda chitenje, chithunzi cha malemu chili pachifuwa. Koma tsiku limenelo sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono, chifukwa ndinali kalikiliki kunyada.

Mu holo muja tinali pakati pokhoma misomali pamene foni yanga inalira. Anali amuna anga.

"Mayi a ana, mpaka ndimve kwa anthu? Inu osandiuza?"

"Kukuuzani chiyani?"

"Za adada. Ndili pano ndikufunsa za basi."

Ndinayang'ana felemu yakuda ija itatsamira khoma, ndinayang'ana chitenje changa, pamenepo m'pamene ndinazindikira zimene anthu anaona panjira. Ndinawalumbirira kuti bambo awo ali bwinobwino, koma ndikulumbira choncho ndinali ndisanawaone tsiku limenelo. Ndinasiya nyundo pansi n'kukwera kabaza wa kumudzi.

Ndinapeza pabwalo patadzaza. Amayi anali atatula kale nkhuni, abambo atakhala chakukhola, ndipo akwaya atayamba nyimbo chapansipansi. Apongozi aakazi ankauza aliyense kuti amuna awo apita ndi ngolo kukatenga udzu, koma anthu ankangogwedeza mitu mwachisoni, poti wamasiye ndiye amamva pomalizira. Pamene ndinkafika, nawonso anali atayamba kukhulupirira, atakhala pansi manja ali kumutu. Apa ndiye ndinachita manyazi osasimbika.

Ndisanatsegule pakamwa, tinamva mateyala. Ngolo inatulukira kuseri kwa nkhokwe, udzu uli mulu, apongozi ali pamwamba akudya nzimbe. Nyimbo inadukira pakati. Iwo anatsika mosafulumira, anavula chipewa monga achitira munthu wofika pasiwa, n'kufunsa kuti wamwalira ndani.

"Wafwa ni njani?"

Kenako mnzawo wina wachikulire anatsokomola.

"Ndimwe."

Anthu ena anaseka, ena anayamba kulira kwenikweni tsopano. Nkhani itafufuzidwa kuti inachokera kuti, maso onse anagwera pa ine. Ndinagwada pomwepo n'kufotokoza m'Chitumbuka changa chija, chimene tsiku limenelo chinathyokeratu. Azakhali ena a amuna anga anati amenewa ndi malodza, mtengwa wolosera apongozi ake imfa sanamuonepo, ndipo kwawo ku Dedza njira ikadalipo. Apongozi aamuna anangomasula ng'ombe, n'kulowa m'nyumba. Kulowa kumeneko kunandiopsa kuposa mawu a azakhali, ndipo ndinaona ukwati wanga ukulendewera pa kaulusi.

M'mawa mwake linali tsiku lotsegulira chionetsero. Chithunzi chija ndinachitembenuzira kukhoma, kuseri kwa mabenchi. Wapampando anandinyengerera, akuti mbiri yotere ena amaisaka ndi mawailesi koma osaipeza. Ndinamuyang'ana diso limodzi lokha, anapita kukathandiza wapolisi kupachika nkhuku zake. Koma sananame. Holo inadzaza mpaka m'mawindo, ana asukulu, anamwino, alimi, onse akufunsa za chithunzi chimene chinapha munthu.

Chakumasana phokoso linatsika. Apongozi anali pakhomo, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, ndodo m'manja, apongozi aakazi ali pambuyo. Anayenda khoma lonse, anaima pang'ono pa nkhuku zija, kenako anafunsa wapampando za chithunzi chawo.

"Nanga chane chili nkhu?"

Wapampando anachitulutsa n'kuchipachika, ine nditagwada pakona. Anachiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Pomaliza anati ng'ombe yakumanzere yatuluka yowonda, pamene ndiyo imadya kwambiri. Anaitanitsa mpando, n'kukhala pansi pa chithunzicho, akuti kuti obwera asasokonezekenso. Masana onse anakhala pomwepo akulandira anthu. Wina akawapatsa moni, ankamuyang'ana bwinobwino n'kunena kuti, "Imwe mayiro sindinakuoneni. Mbwenu ndadziwa." Munthu ankachita kulumbira kuti dzulolo anali kuchigayo. Amene anabweretsa nkhuni dzulo lake anauzidwa kuti asazitengenso, zafika kale. Sindinadziwe kuti bambo amenewa ali ndi nthabwala chonchi, pakuti ndinali ndisanakhalepo pafupi mokwanira kuti ndiwamve.

Anthu atayamba kuchepa, ndinamva mawu awo.

"Mkamwana."

Ndi mmene amaitanira mkazi wa mwana wawo kumeneko. Ndinayang'ana kwa apongozi aakazi kuti mwina uthenga udzera mwa iwo monga mwa nthawi zonse, koma anandikodola ndi mutu kuti ndisendere ndekha. Ndinasendera chogwada, ndikudziwa kuti chiweruzo chafika.

"Dzulo mwandionetsa anthu wane," anatero, akusakaniza Chichewa kuti ndimve bwino. "Ambiri amafa osadziwa amene adzabwere. Ine ndawaona." Analoza kumwamba ndi ndodo. "Tsiku lenileni likadzafika, chithunzi ndi chomwechi. Asakasake china. Ndipo wonyamula mudzakhale inu, mwana wane."

Azakhali aja anali pomwepo, ndipo anamva. Kubanja kumeneko chithunzi cha malemu amanyamula ndi mwana wobadwa pakhomopo, osati wobwera.

Ndinawomba m'manja, ndinati, "Yewo, adada," n'kutuluka kukalirira kuseri kwa holo, kumene wolemba zikwangwani anandipeza n'kubwerera osafunsa. Apongozi akadali moyo, ndipo ngolo akuyendetsabe okha. Ndikapita kumudzi ndimawafunsa ndekha ngati amwa mankhwala awo, ndipo akazengereza ndimawakalipira, chifukwa ntchito imene anandipatsayo sindikuifuna msanga.