Amalume Kaʻaihue Apita ku Kalaupapa

Amalume anga a Kaʻaihue ankalima koko ku Waipiʻo, ndipo chigwa chonse chinkadziwa kuti ndi amantha. Ngalawa sankakwera. Hatchi ikangofwenkha, iwo ali kale kuseri kwa mpanda.

Mu 1884 akazi awo a Pualoke anatuluka banga lofiira patsaya, loti ukalitsina samva kanthu. Khate ife tinkalitcha maʻi hoʻokaʻawale, nthenda yolekanitsa, chifukwa wodwala ankamutengera ku Kalaupapa, kutsidya kwa nyanja, kosabwerako.

Miyezi itatu amalume anawabisa m'kanyumba ka kumunda. Galu akauwa, mtima phaa, ati apolisi afika. Koma amene ankawaopa koposa ndi akazi awo omwewo. Kwathu phala la poi timadya ndi zala, tonse m'mbale imodzi. Amalume anayamba kukana, ati m'mimba mukupota.

"Kodi bambo, muli ndi pakati?" anatero a Pualoke. "Tsiku ndi tsiku m'mimba? Tangonenani kuti zala zangazi zikukunyansani."



Apolisi atawapeza, anati wodwala angathe kupita ndi kōkua, munthu walunga womusamalira, koma ameneyo aiwale zobwerera. Kōkua ndi mawu a tsiku ndi tsiku: ukasenzetsa mnzako mtolo, wachita kōkua. Tsiku limenelo pa abale tonse panalibe wodzipereka.

"Ndipita ine," anatero amalume.

Mayi anga anawagwira mkono. "Achimwene, inuyo? Mungathe?"

"Sindingathe, chemwali. Nyanja ndikuiopa, nthendayi ndikuiopa, mayiyunso ndikumuopa. Koma zala zake zikadzatha, chikho adzamugwirira ndani?"

Padoko amalume anayamba kubwerera m'mbuyo. A Pualoke ndiwo anawakokera m'bwato ndi dzanja, ndipo ndinaona amalume atatsinzina, thukuta kamukamu.

Kumeneko amalume ankatunga madzi, kutola nkhuni, kutsuka zilonda ndi kukumba manda. M'makalata sankabisa kanthu: m'mawa uliwonse ankadzibaya ndi singano m'zikhatho, kuti aone ngati akumvabe ululu. Akamva kuwawa, ndiye amapita kukayatsa moto.

A Pualoke anamwalira patatha zaka zisanu ndi ziwiri. Khate silinawagwire amalume, koma iwo sanakhulupirire, ankati labisala m'magazi ndipo angadzatipatsire ife ana. Anatsala komweko, akusamalira akhungu awiri ochokera ku chilumba cha Maui amene analibe abale. Chifuwa ndicho chinawapha, mu 1898.