Dzina Limene Orville Anafufuta

Orville Tegeler anakalambira pa gudumu lopukutira zolembera za inki, pa fakitale ya m'tauni mwathu muno, m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi. Fakitaleyo itatsekedwa, anzake ena anapita kukayendetsa malole, ena anangosanduka zidakwa. Iye anachita lendi kachipinda koyandikana ndi shopu yanga yometera tsitsi, n'kuikamo tebulo, nyale ndi gudumu lake, n'kuyamba kukonza zolembera zakale.

Sanali munthu wokoma pakamwa. Wina akabwera ndi cholembera cha agogo ake chimene wachitola m'dilowa, Orville ankachipekesa ndi chala mpaka chitenthe, n'kuchinunkhiza. Fungolo linkamuuza ngati n'cha labala wolimba wakalekale kapena cha pulasitiki. Akatero ankayang'ana nibu, kansonga kolembera kaja, ndi kachitsulo kopanira m'thumba, n'kutchula fakitale imene inachipanga. Kenako ankamukalipira mwiniwakeyo chifukwa chosiya inki kuumira m'kati. Anthu ankatuluka akung'ung'udza, koma ankabweranso. Mabolopeni ankawatcha misomali, ndipo ine ankanditcha wometa nkhosa.

Maso ake anayamba kuchita chifunga mkazi wake Verna atangomwalira. Ndinazindikira ndine, poti m'mawa uliwonse ndinkamupititsira khofi. Ndinkamupeza akupapasa patebulo kufunafuna nibu imene ili pamaso pake penipeni. Nditamuuza kuti akaonane ndi dokotala, anati ndisamale za nsabwe za makasitomala anga. Mwana wake Darlene, amene ankakhala ku Des Moines, anachonderera pa foni mpaka kutopa. Orville ankangoti zala zake zimaona kuposa maso a anthu tonse.

Chaka chimenecho, masamba atayamba kuyoyoka, kunabwera Mayi Hruska, amene amuna awo a Emil anamwalira kalekale. Anabweretsa cholembera cha malemuwo. Chinali chakuda poyamba, koma chinali chitasuluka n'kufiirira ngati khofi wothira mkaka. Bambo ake a Emil ndi amene anawagulira, a Emilwo akupita kunkhondo, n'kulembetsa dzina lawo pambali, timalemba tating'ono tosalowa kwambiri. Mayiwo ankafuna kuti chidenso bwino kuti akapatse mdzukulu wawo pa ukwati wake. Anapempha chinthu chimodzi chokha, chakuti dzinalo lisakhudzidwe.

Ntchito yotereyi Orville anali ataigwira kambirimbiri. Ankamata kapepala pamwamba pa dzina, n'kupukuta kwina konseko. Tsiku limenelo anapapasa ndi chala, namva malemba, n'kumatapo kapepala kake. Koma malemba amene anamvawo anali dzina la fakitale. Dzina la Emil linali kuseri, ndipo gudumu linalidya lonse.

Ndinalipo Mayi Hruska atabwera kudzatenga. Cholemberacho chinali bii, chikunyezimira ngati changotuluka m'sitolo, ndipo Orville anachipereka monyadira. Mayiwo anachitembenuza pansi pa nyale, n'kuchitembenuzanso.

"Bambo Tegeler, dzina la Emil lili pati?"

"Pomwepo, mayi. Valani magalasi."

Analoza ndi chikhadabo. Mayiwo anawerenga mokweza dzina la fakitale lija, pang'onopang'ono. Orville analanda cholemberacho, n'kuyendetsa chala kuzungulira konse, kawiri, katatu. Kenako anakhala pansi. Anati akhoza kulembanso dzinalo, malemba ofanana ndendende, palibe amene angasiyanitse. Mayi Hruska anayankha kuti amene analembetsa dzina lija anali apongozi awo, ndipo ali kumanda. Anaika cholemberacho m'chikwama, n'kumanga mpango wawo.

"Mukanangondiuza kuti simukuona," anatero ali pakhomo.

Tauni yathu ndi yaing'ono. Pofika Lamlungu nkhani inali itafika ku matchalitchi onse, ndipo amene Orville anawakalipirapo anaikometsa ndi mchere wawowawo. Anthu anabwera kudzatenga zolembera zawo zisanakonzedwe. Iye ankatsegulabe m'mawa, n'kukhala pampando tsiku lonse, gudumu lili zii. Khofi ndikamupititsira ankazizira pomwepo.

Darlene anabwera chisanu chisanayambe. Bambo ake sanatsutse chilichonse. Mwanayo anayala katundu yense panja n'kugulitsa tsiku limodzi. Gudumu linapita kwa mlimi wina amene ankafuna kumanolera mipeni. Mabokosi a manibu ndi timathumba ta inki, zimene Orville anasonkhanitsa moyo wake wonse, anatenga munthu wa ku Chicago, akumwetulira mpaka m'galimoto. Madzulo ake Darlene anawakweza bambo ake n'kupita nawo ku Des Moines.

Kumeneko anawatengera kuchipatala. Dokotala anati ndi ng'ala chabe. Anaichotsa m'mawa, masana munthu ali kunyumba, ndipo patapita masabata ochepa Orville ankawerenga nyuzipepala popanda galasi lokulitsa malemba.

Ndinakamuona kamodzi. Ndinamupeza m'chipinda chapansi, atakhala pafupi ndi makina ochapira, wailesi yakanema ikulankhula yokha. Anali atanenepa, manja ali oyera, opanda banga la inki ngakhale limodzi. Ndinamuuza kuti popeza maso abwerera, tikhoza kufunafuna gudumu lina, kachipinda kaja kanali kasanalowe munthu.

"Abweretse cholembera ndani, Lyle?" anandifunsa. "Ndikuona zonse tsopano. Ngakhale makwinya akowo ndikuwawerenga."

Ndinayesa kuseka, iye sanaseke. Anafunsa ngati ukwati wa mdzukulu wa Mayi Hruska unachitika. Ndinati unachitika, ndipo mnyamatayo anapatsidwa wotchi.

Anakhala zaka zina zingapo m'chipinda chomwecho. Atamwalira, Darlene anabweretsa thupi kuno kuti agone pafupi ndi Verna. Kunali chipale chofewa chambiri tsiku limenelo, ndipo tinalipo ochepa moti onyamula bokosi anaperewera. Anachita kutithandiza anthu a kampani ya maliro.