Kakhola ka a Lyson ndi Njinga Yawo

A Lyson a ku Woolwich ali ndi nkhani imene amafotokozera anzawo awiri atatu okha, ndipo amayamba kudziseka asanafike n'komwe poseketsa. Akamaliza amapukuta misozi n'kunena kuti chitsiru chachikulu cha mu London muno ndi iwo.

Njinga anayamba kalekale. Zaka zisanu ndi chimodzi anapalasa kabaza pa Balaka, kunyamula anthu, matumba a makala, tsiku lina mbuzi yamoyo. Akazi awo, a Effie, anawapeza pa kabaza pomwepo: mtsikana wophunzira unamwino amene ankakwera Lachisanu lililonse n'kumadandaula kuti woyendetsa amathamanga ngati wakuba. A Effie atapeza ntchito pa chipatala china kum'mwera kwa London, a Lyson anabwera pambuyo ndi mwana wawo Atikonda, n'kulowa ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Nyumba zisanu ndi zitatu pa tsiku: kusambitsa, kupereka mankhwala, kuwiritsa tiyi. Anzawo ankazizidwa podikira basi, iwo akudutsa pa njinga monyadira.

Chaka chatha anapalamula. Panali mameseji ndi mayi wina wa kuntchito, mameseji oti sungawerenge pamaso pa apongozi, ndipo a Effie anawaona. Sanakuwe, sanaswe mbale. Anangotsitsa sutikesi yawo yaikulu pamwamba pa wodilopu n'kuiimika pafupi ndi chitseko, yopanda kanthu. Inangokhala pamenepo osasuntha, ndipo a Lyson ankailambalala m'mawa uliwonse mtima uli m'mwamba, chifukwa mkazi wawoyo ankamukonda zenizeni ndipo ankadziwa kuti ikangodzaza, basi banja latha.

Analumbira, anagwada. A Effie anangoti, "Kulumbira munalumbira kale ku tchalitchi, bambo a Atikonda."

Ndiye nzeru zinawabwerera, nzeru za pa intaneti. Anapeza kuti kuli kakhola kachitsulo kamene mwamuna amavala kumaliseche n'kukhoma ndi kaloko, kiyi n'kusunga mkazi. Anaitanitsa okha, palibe anawatuma. Katafika anakavala, n'kupereka makiyi onse awiri ndi manja awiri ngati chopereka cha Lamulungu. A Effie anayang'ana makiyiwo nthawi yaitali.

"Ine sindinapemphe zimenezi," anatero. "Koma chikakupwetekani, munene. Mwamva? Munene."

Madzulo a Effie ankasiya kiyi pa shelefu ya m'bafa, a Lyson n'kusamba, kudzikhomanso, kubweza kiyi. Zonse zinali m'malo mwake, kupatula chinthu chimodzi chimene katswiri wa kabaza sanachiganizire: chishalo. Cha njinga yawo chinali chowonda, cholimba, chosongoka kutsogolo, ndipo misewu ya m'makwalala a Plumstead ili ndi mahampu pafupipafupi. Hampu yoyamba inawatulutsa mawu amene anali asanatulutsepo chibadwire. Pofika pa yachitatu anali akupalasa chiimirire.

Anayesa kupinda kathaulo. Anayesa masokosi. Anafika pomangirira pa chishalo siponji yotsukira mbale. Mzungu wina wokalamba amene ankamusambitsa anawafunsa chifukwa chake masiku ano amamwa tiyi ataimirira, iwo n'kuyankha kuti ndi mwambo wa kwawo. Ku sitolo ya njinga, wokonza anawafunsa kuti pakupweteka ndi pati, a Lyson n'kuloza msana. Komabe munthuyo, amene mwina anaona mayendedwe awo, anawasonyeza chishalo chotakata chobowoka pakati ndi kabudula wa siponji, n'kuwalangiza akweze mahandulo kuti azikhala mowongoka. A Lyson anakana. Iwo, amene ananyamulapo mbuzi kuchokera pa Balaka mpaka ku Utale, agule chishalo chobowoka ngati chimbudzi? Anatuluka ndi belu latsopano.

Zouza a Effie sizinawalowe m'mutu. Ankaona ngati akangoti chikupweteka, mkazi amva kuti akufuna kiyi, ndipo kufuna kiyi n'kufuna zakale zija. Choncho anapirira miyezi inayi, akuyenda ngati bakha m'nyumba mwawomwawo, akumwetulira.

Tsiku lina la Julaye dzuwa linaswa mtengo. Atakwera chitunda cha Shooters Hill masana, ululu unasiya wokha, ndipo iwo anakondwera kuti thupi lazolowera. Si kuzolowera kumeneko, linali dzanzi. Atalowa m'chimbudzi cha nyumba yachisanu n'kuyang'ana, anapeza kwatupa, kwada, kwazizira, mphete ya kakhola italowa m'mnofu. Ntchito yawo yomwe inali itawaphunzitsa kuti chiwalo chikatero magazi sakuyenda, ndipo si zodikira mawa.

Chipatala chapafupi chinali cha a Effie, kumene kumagwiranso ntchito theka la kwaya ya ku tchalitchi kwawo. Ayi, kumeneko ndiye ayi. Anaimbira bwana kuti adwala, anakhoma njinga pa siteshoni ya Woolwich, n'kukwera masitima awiri mpaka ku chipatala cha ku Edmonton, kumpoto kwenikweni, kumene ankati palibe angawadziwe. Ulendo wonse anaimirira, mipando ili mbwee.

Katani ya kachipinda kopimiramo itatseguka, namwino amene analowa anali a Tionenji, mkulu wa amayi a chigwirizano ku tchalitchi komweko.

"Ii, bambo a Atikonda! Mpaka kuno? Woolwich kulibe chipatala, kulibe A&E?"

A Lyson anafuna pansi patang'ambika. Anayamba za msana, koma a Tionenji anali atawerenga kale pepala. Nkhope yawo inasintha, ya tchalitchi n'kuchoka, ya ntchito n'kubwera.

"Zimene ndione pano zithera pano, ndi lamulo la ntchito yanga. Key ali kuti?"

"Ali ndi madamu. Ali pa shift."

"Ndiye tidula. Mwataya kale two hours m'masitima, bambo. Chinthu chotere, mukamva dzanzi mumavula pompo. Komanso pa njinga mtunda wautali simuvala, ndipo spare key amayenda ndi inuyo."

Dokotala anabwera ndi kachida kodulira mphete, ndipo pasanathe mphindi khumi kakhola kanali zidutswa ziwiri m'kambale. Magazi atayamba kuyenda, a Lyson analira ngati khanda. Dokotala anati apulumuka, koma akanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina.

Chimene chinawaopsa kuposa ululu ndi kambale kaja. Lonjezo lawo linali mmenemo, litadulidwa pakati. Anakhala panja pa chipatala, pambali ya thako limodzi, n'kuimbira a Effie. Anafotokoza zonse mwachibwibwi.

"Njinga mwaisiya kuti?" anafunsa a Effie.

"Pa station."

"Kachikwama ka pansi pa chishalo munakatsegulapo?"

"Tayala silinaphwepo."

"Key winayo ali mmenemo, pamodzi ndi zigamba za chubu. Ndinaika tsiku loyamba lomwe. Ndine nurse ine, ndikanakusiyani muziyenda London yonse mutakhomedwa? Ndimayesa wa kabaza amayang'ana zida zake m'mawa."

Miyezi inayi yonse a Lyson anali atakhalira kiyi.

"Ndakuonani mukuyenda ngati bakha," anapitiriza a Effie, "ndikudikira tsiku loti munene kuti zikupweteka. Munandibisira phone, kenako mwandibisira ululu. Ine chitsulo chija ndinalibe nacho ntchito. Ndimafuna mwamuna wondiuza zinthu."

Madzulo amenewo, Atikonda ali kwa mnzake, a Lyson anakhala pa pilo m'khitchini n'kunena zonse, kuyambira meseji yoyamba ija mpaka siponji yotsukira mbale. Pa mameseji a Effie analira. Pa siponji anaseka mpaka kugwira m'mimba, chifukwa anali ataifunafuna mlungu wathunthu n'kumuneneza Atikonda.

Masiku ano a Lyson amapalasa pa chishalo chobowoka pakati, atavala kabudula wa siponji mkati mwa buluku la ntchito, ndipo Lamulungu akakumana ndi a Tionenji amapereka moni akuyang'ana nsapato. Kiyi akadali m'kachikwama, ngakhale palibenso chimene amatsegula. Sutikesi sinachoke tsiku lomwelo. Inakhala pa chitseko masiku ena asanu ndi anayi, ndipo Loweruka lina m'mawa a Effie anawaitana kuchokera kuchipinda.

"Bambo a Atikonda, tabwerani mundikwezere ichi pa wodilopu. Chikutchinga njira."