Matewera a Saizi Yaikulu

Ndinasiya sukulu ndili Fomu 2, mimba itayamba kuonekera pa yunifomu. Mayi anga sanafune kuti anzawo a kumphakati azindiloza ndikamapita kumjigo, ndiye mwana atangobadwa ananditumiza kwa achemwali anga ku Dedza boma. Kwathu ndi cha ku Lobi. Za bambo wa mwanayo musandifunse.

Achemwali ankachita lendi kanyumba kakang'ono ndi amuna awo komanso mwana wawo wamwamuna, woyenda kale. Ine ndinkagona pabalaza. Pamalopo panali mabanja angapo, chimbudzi chimodzi chokumba, ndi lamulo la eni nyumba loti wotaya mapampasi m'chimbudzimo asamuke tsiku lomwelo. Ndinapeza ganyu yosenda mbatatesi kwa bambo wina wokazinga tchipisi m'mbali mwa msewu waukulu. Ganyuyo inkadalira mphasa ya pabalaza ija. Kutaya mphasayo kunali kubwerera kumudzi chimanjamanja.

Munthu amene sanakhaleko ku Dedza mwezi wa Juni asandiphunzitse za matewera ansalu. Uchapa m'mawa, uyanika, nkhungu itsika m'phiri, madzulo ukaanula ali chinyowere ngati sunafinye. Ndiye ine ndinkagula mapampasi apamsika, aja amagulitsa limodzilimodzi. Alamu ankadana nawo. Ankati n'za akazi aulesi, ndipo mwana wawo sadzavala pulasitiki iwo ali moyo.

Vuto linali kotaya. Kuotcha ayi: mayi ankati ukaotcha chimbudzi cha khanda limatuluka zilonda kumatako. Kaya n'zoona kaya n'zabodza, sindinafune kuyesera pa mwana wanga. Komanso thewera lonyowa silipsa, limangofuka utsi wonunkha mpaka kwa aneba. Ukataya kudzala, agalu akubweretsera pakhomo.

Ndinapeza njira yangayanga. Zoipazo ndinkazikanda ndi kamtengo n'kugwetsera m'chimbudzi. Theweralo ndinkaliwaza phulusa la pambaula, kulipinda, kulimata ndi zomatira zake zomwe, kulimanga mujumbo ya shuga, n'kuliika m'chitini cha penti chotseka bwino. Chitini chikadzadza ndinkakakhuthula m'dzenje lomwe ndinakumba kuseri, kumalire a munda wa chimanga. Pamwamba phulusa, dothi, lata lakutha, kenako mwala. Panalibe fungo ngakhale ntchentche. Mwalawo unali wolemera, ndipo tinachita kuugubuduza awiri, ine ndi achemwali, tikuseka.

Chakumapeto kwa nyengo yozizira chimbudzi chinadzadza. Eni nyumba anaitana anyamata opopa. Sipanapite nthawi paipi yawo inatsekeka, ndiye anatenga chitsulo chopinda ngati mbedza n'kuyamba kukoka. Thewera, thewera, thewera. Mmodzi wa iwo ankaseka, amvekere muno si m'chimbudzi koma mugolosale. Panakhala mulu. Anthu onse apamalopo anatuluka atatseka mphuno ndi zitenje, ndipo maso onse anali pa ine, chifukwa wodziwika ndi mapampasi ndinali ine ndekha.

Ine sindinatseke mphuno. Ndinayandikira muluwo. Thewera ngakhale lide bwanji kukula kwake sikubisika. Anali aakulu, aja a mwana woyenda. Wanga anali asanayambe n'kukhala komwe. Pomwepo ndinakumbukira kuti mwana wa achemwali amakodza pogona, koma chiyambire kuzizira bulangete lake silinkaonekanso pachingwe. Ndinakumbukiranso kuti achemwali ankalawirira kuchimbudzi alamu asanadzuke, atafumbata kanthu m'chitenje.

Eni nyumba, bambo wachikulire wosakweza mawu, anauza alamu kuti asankhe: achoke mtsikanayu kapena achoke onse. Ndinawauza kuti ine ndili ndi dzenje langa, apite akaone okha, ndipo achemwali akulidziwa. Bambo aja anatembenukira kwa achemwali.

"Mayi, dzenje akunenali mukulidziwa?"

Achemwali anakonza chitenje m'chiuno, maso ali pansi.

"Ine ndinamuuza kale kuti asamataye mmenemo. Koma uyu samva. Akanakhala womva bwenzi ali pasukulu."

Ena anaseka. Mayi wina wapakhomo loyandikana anati eyadi, ana amasiku ano.

"Achemwali," ndinatero, "tayang'anani kukula kwake. Mwana wanga angavale amenewa?"

Anayankha ndi alamu. Anandifunsa ngati ndikufuna kunamizira mkazi wawo, ndikudya zawo, ndikugona m'nyumba mwawo. Anati iwo akudziwa zimene mwana wawo amavala. Palibe amene anafuna kuyandikira mulu wonunkha uja kuti aone saizi. Kudzenje kwanga kunali pafupi, kungozungulira nyumba, koma sanapiteko ndi mmodzi yemwe. Anali atapeza kale munthu wake, wopanda mwamuna, wopanda sukulu, wosavuta kuthamangitsa.

M'mawa mwake achemwali anandiperekeza kusiteji. Njira yonse ankangolankhula okha. Ati ndikuwadziwa alamu mkwiyo wawo. Ati iwo ali ndi pakati penanso, akanathamangitsidwa akanalowera kuti. Ati ine bola, ndili ndi mayi kumudzi, ngati mayiwo anandibala ndekha. Sanapepese. Ine ndinkangosuntha mwana kumsana.

Galimoto itatsala pang'ono kudzadza anandipatsa jumbo yakuda yomanga kukamwa, ati ndikatsegule ndikafika. Ndinatsegula pomwepo. Munali mapampasi atsopano, aakulu aja, otsala pa amene ankabisa. Sankafunanso kuti alamu adzawapeze m'nyumba, ndipo anaona kuti ine amene ndasenza kale mlandu wake ndingasenzenso katundu wake.

Ndinawayang'ana. Iwo anayang'ana mwana wanga n'kumugwira kaphazi.

"Akula nawo," anatero.

Kwa bambo wa tchipisi sindinatsanzike n'komwe. Ndinamva kuti analemba mtsikana wina tsiku lomwelo. Kumudzi mayi sanandifunse zambiri, anali atamva kale pafoni kuchokera kwa achemwali kuti ndawachititsa manyazi kutauni. Ndinapatsidwa khasu, n'kulowa m'munda wa nyemba.

Jumbo ija ndinafuna kuiponya mumtsinje, koma ndinaisunga kudenga. Mwana anakuladi nawo, mvula ili pakati, nthawi imene matewera ansalu saumanso. Ndinamuveka onse mpaka kutha, chifukwa mkwiyo suumitsa thewera. Ndinakumba dzenje lina kuseri kwa khola, phulusa, dothi, lata, ndipo mwala wake ndinasankha woti ndiunyamule ndekha.

Achemwali amaimbabe pafoni ya mayi. Amafunsa ngati mwana akuyenda, amati andipatsire moni. Mayi akandiitana kuti ndidzalankhule nawo, ndimati awauze kuti ndili kumunda, ngakhale ndili chikhalire pakhonde pomwepo.